Chithokomiro ndi ntchito yake pa kakulidwe ka munthu

Chithokomiro ndi kachiwalo kamene kali kutsogolo kwa khosi, m'munsi pang'ono mwa kholingo. Chili ndi mbali ziwiri zolumikizana pakati, ndipo mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi magalamu 20. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni, timadzi timene timayenda m'magazi n'kumalamulira kagwiridwe ntchito ka ziwalo zina. Mahomoni a chithokomiro ndiwo amachititsa kuti maselo atenthe chakudya mofulumira kapena pang'onopang'ono, choncho amakhudza kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kutalika kwa mafupa ndi kukhwima kwa ubongo wa mwana.

Mahomoni ake aakulu ndi awiri, T4 ndi T3, ndipo manambalawo akusonyeza kuchuluka kwa timagawo ta ayodini timene tili mu iliyonse. Chithokomiro chimatulutsa kwambiri T4, imene imatchedwanso thyroxine. Ikafika m'chiwindi, mu impso ndi m'ziwalo zina, imachotsedwa gawo limodzi la ayodini n'kusanduka T3, yomwe ndiyo yamphamvu. Thupi silipanga ayodini palokha, amachokera m'zakudya. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu amafunika maikulogalamu 150 patsiku, ndipo mayi woyembekezera amafunika 250. Ayodini wa moyo wonse wa munthu sangadzaze supuni yaing'ono imodzi.

Chithokomiro chimamvera kachiwalo kena kotchedwa pituitary, kamene kali pansi pa ubongo. Mahomoni akachepa m'magazi, pituitary imatulutsa homoni ya TSH yofulumizitsa chithokomiro, ndipo akachuluka imachepetsa. Munthu akamasowa ayodini, TSH imangotulukabe osalekeza, maselo a chithokomiro amachulukana poyesa kukola ayodini wochepayo, mpaka khosi limatupa.

Zonsezi zinadziwika pang'onopang'ono. Bernard Courtois wa ku France anapeza ayodini m'phulusa la zomera za m'nyanja yamchere mu 1811, ndipo mu 1820 dokotala wa ku Geneva, Jean-François Coindet, anayamba kumupereka kwa anthu otupa khosi. Koma ntchito ya chithokomiro chenichenicho inaonekera kudzera m'tsoka la odwala. Theodor Kocher wa ku Bern anali katswiri pochotsa zithokomiro zotupa. Mu 1883 anaitanitsa anthu amene anawachita opaleshoni, ndipo zimene anaona zinamudetsa nkhawa: amene anachotsedwa chithokomiro chonse anali otupa nkhope, omva kuzizira nthawi zonse, oyankhula ndi kuganiza mochedwa. Mtsikana wina amene anamuchita opaleshoni ali ndi zaka 11 anali atasiyiratu kukula. Kocher anasintha kachitidwe kake, n'kumasiyako gawo lina la chiwalocho, ndipo mu 1909 analandira mphoto ya Nobel.

Mu 1891 George Murray wa ku Newcastle anabaya jakisoni wa madzi ofinyidwa m'chithokomiro cha nkhosa mayi wina amene chake chinasiya kugwira ntchito. Mayiyo anapeza bwino, n'kukhalanso ndi moyo zaka 28 akulandirabe mankhwalawo. Patangopita zaka zochepa, Eugen Baumann anapeza kuti m'chithokomiro muli ayodini wambiri.

Umboni woonekera bwino woti mahomoniwa amatsogolera kukhwima kwa thupi unachokera kwa achule. Mu 1912 Friedrich Gudernatsch anadyetsa mbululu timinofu ta ziwalo zosiyanasiyana za hatchi. Mbululu zimene zinadya chithokomiro zinamera miyendo, michira n'kufota, zikadali zazing'ono kwambiri, ndipo zinasanduka tiachule tochepetsetsa nthawi isanakwane. Ofufuza ena atachotsa chithokomiro mwa mbululu, zinapitiriza kunenepa koma sizinasanduke achule. Apa panaoneka kuti kukula msinkhu ndi kukhwima ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndiponso kuti homoni imodzi ikhoza kulamula maselo a m'miyendo kuti achulukane pa nthawi yomweyo imene ikulamula a kumchira kuti afe. Edward Kendall wa ku Mayo Clinic anapatula thyroxine kuchokera m'zithokomiro za nkhumba mu 1914, Charles Harington ndi George Barger anaipanga mu labotale mu 1927, ndipo T3 inapezedwa ndi Jack Gross ndi Rosalind Pitt-Rivers mu 1952.

Njira yopewera kutupa khosi inayesedwa ndi David Marine pa atsikana a sukulu ku Akron, m'dziko la America, kuyambira mu 1917. Mwa atsikana 2,190 amene analandira ayodini, 5 okha ndiwo chithokomiro chinawatupa, pamene mwa 2,305 amene sanalandire anatupa 495. Switzerland inayamba kuthira ayodini mu mchere mu 1922, ndipo dera la Michigan ku America linatsatira mu 1924.

Kutupa khosi kumaoneka ndi maso, koma vuto lalikulu kuposa limeneli limachitika mwana asanabadwe. M'miyezi yoyambirira ya mimba chithokomiro cha mwana chimakhala chisanayambe ntchito, ndipo ubongo wake umadalira T4 ya mayi. Mayi akasoweratu ayodini, mwana akhoza kubadwa wosamva, wosayankhula, wouma miyendo ndi wovutika kuphunzira kwa moyo wake wonse. Kafukufuku wa Peter Pharoah, Ian Buttfield ndi Basil Hetzel kumapiri a ku Papua New Guinea, wofalitsidwa mu 1971, anasonyeza kuti jakisoni wa mafuta a ayodini amateteza mwana ngati mayi walandira asanaime. Ayodini woperekedwa mwana atabadwa kale sabwezeretsa zimene zinaonongeka mu ubongo. N'chifukwa chake nkhani ya ayodini iyenera kuyambira pa atsikana ndi amayi, osadikira kuti khosi litupe.

Madera amapiri ndi otalikirana ndi nyanja yamchere ndiwo amasowa ayodini kwambiri, popeza mvula inamukokolola m'nthaka kalekale. Zakudya zina zimawonjezera vutoli. Ofufuza pa chilumba cha Idjwi ndi ku Ubangi, m'dziko la Congo, anapeza kuti chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimasiya m'thupi mankhwala otchedwa thiocyanate, amene amatsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro. Kuviika chinangwa m'madzi kwa masiku angapo musanayanike ndi kusinja, monga amachitira okonza ufa wa kondowole, kumachotsa poizoni wambiri.

Ku Malawi ndi ku Zambia malamulo amafuna kuti mchere wogulitsidwa kwa anthu ukhale wothira ayodini. Ayodiniyo amachepa mchere ukakhala pachinyezi kapena padzuwa kwa nthawi yaitali, choncho uyenera kusungidwa m'chotengera chovundikira, pamalo ouma. Komabe, ana ena amabadwa opanda chithokomiro chogwira ntchito ngakhale mayi amadya ayodini wokwanira. Maiko ambiri amayeza magazi otengedwa pachidendene cha khanda m'masiku oyambirira, ndipo mwana amene wayamba kumwa levothyroxine, thyroxine yopangidwa mu labotale, m'masabata awiri oyamba nthawi zambiri amakula ndi kuphunzira ngati anzake.