Walira Mvula Walira Matope: Mbiri ya ku Migodi Citatha Citaganya

Usiku wa pa 31 Disembala 1963 Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinatha, citakhala zaka khumi. M'makomboni a ku Migodi, ku Wusakile ndi Chamboli mu Kitwe, ku Chifubu ndi Kabushi mu Ndola, anthu sanalire maliro ace, pakuti anali atacikana kuyambira tsiku la kubadwa kwace. Koma zisanathe zaka zisanu ndi zitatu, anthu a m'matauni omwewo, amene anali msana wa cipani ca UNIP, anayamba kudandaula poyera za atsogoleri ao, ndipo ena anaturuka nakayamba cipani cina. Kuti munthu amvetse cimene cinasandutsa cimwemwe cija kukhala madandaulo, ayenera kuyamba wadziwa cimene Citaganyaco cinali.

Maiko atatu, msika umodzi

Citaganya cinali boma, komanso cinali msika umodzi. Katundu anali kuyenda pakati pa Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland wosalipira msonkho wa pamalire, ndipo ndalama inali imodzi. Gawo lalikuru la msonkho wa makampani a mkuwa linali kupita ku Salisbury, kumene kunali likulu. Mafakitale ambiri anamangidwa ku Salisbury ndi ku Bulawayo, kotero kuti munthu wa ku Nkana pogula malaya, nsapato kapena sopo, kawirikawiri anali kugula zopangidwa kutsidya kwa Zambezi. Malasha osungunulira mkuwa anali kucokera ku Wankie, kumene lero achula Hwange. Pamene panafunika magetsi ambiri, Boma la Citaganya linasiya maganizo omanga dziwe pa Kafue nilisankha Kariba, ndipo nyumba ya makina a magetsi inakumbidwa ku gombe la kumwera. Mkuwa womwewo unali kuturuka pa njanji ya Rhodesia Railways, kuoloka mlatho wa pa Victoria Falls, kunka ku madoko a Beira ndi Lourenço Marques.

Cotero anthu anali kunena zoona pamene anati kumpoto akumba, kumwera adya. Koma panali cinthu cina cimene sicinali kumveka kwambiri pamisonkhano ya ndale: zingwe zimene zinamanga Migodi ku dziko la kumwera zinali za citsulo, njanji ndi mawaya a magetsi, ndipo zingwe zotere siziduka ndi lamulo lolembedwa ku London.

Nyumba ziwiri za munthu wa mumgodi

Anchito a mumgodi anaphunzira kudzilankhulira okha zipani zisanabadwe. Mu 1935 ananyanyala nchito ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaomberedwa nafa. Mu 1940 ena 17 anafa ku Nkana. Mu 1949 anakhazikitsa bungwe lao la African Mineworkers' Union, mtsogoleri wace a Lawrence Katilungu. Bungweli linali kusamala kwambiri ufulu wace. Mu Epulo 1953, pamene a Harry Nkumbula a cipani ca Congress anaitana anthu kuti aleke nchito masiku awiri ndi kupemphera pokana Citaganya, anchito ambiri a mumgodi anatsika pansi monga mwa masiku onse. Citaganya sanali kucikonda ai, koma sanafune kuti bungwe lao la malipiro litengere malamulo kwa anthu a ndale.

Munthu wa mumgodi tsono anali ndi nyumba ziwiri, cipani ndi bungwe la anchito. Pamene UNIP inabadwa mu 1959, ndi a Kenneth Kaunda naitsogolera kuyambira 1960, matauni a ku Migodi anaipatsa ndalama, anyamata ndi mavoti. Pa cisankho ca Januwale 1964 inatenga mipando 55 mwa mipando 65 ya anthu onse, ndipo pa 24 Okutobala caka comweco dziko linalandira ufulu ndi dzina la Zambia. Anthu anayembekeza kuti ndalama za mkuwa, popeza zaleka kupita ku Salisbury, zidzaoneka m'matumba mwao.

Matope a pamseu wa kumpoto

Kwa kanthawi malonda ndi dziko la kumwera anapitirira monga kale. Koma pa 11 Novembala 1965 a Ian Smith analengeza kuti Azungu a ku Rhodesia adzilamulira okha popanda cilolezo ca Britain. Boma la Zambia linapempha Britain kuti atumize asilikari. Britain anakana, nasankha kulanga Rhodesia pomuletsa malonda. Nduna Yaikuru ya Britain, a Harold Wilson, inauza atsogoleri a Commonwealth ku Lagos mu Januwale 1966 kuti nkhaniyo idzatha m'masabata owerengeka, osafika miyezi. Inatha zaka 14.

Cilango cimene cinalinga Rhodesia cinayamba kugwera Zambia. Mu Disembala 1965 mafuta a galimoto analeka kubwera kucokera kumwera. Ndege za Britain, America ndi Canada zinayamba kututa mafuta, ndipo petulo anali kugulidwa ndi makoponi, pang'ono pang'ono. Malole odzala ndi migolo anali kuyenda mamailo opitirira 1,000 kucokera ku Dar es Salaam pa mseu wa fumbi wa Great North Road, umene m'dzinja unali kusanduka thope lokhalokha. Oyendetsa ambiri anafera pamseupo, ndipo unachuka ndi dzina loti Hell Run. Mu 1966 panabuka mkangano wa malipiro a njanji, malasha anacepa, ndipo migodi inacepetsa kusungunula mkuwa. Boma linatsegula migodi ya malasha m'cigwa ca Gwembe, poyamba ku Nkandabwe, pambuyo pace ku Maamba. Mu 1968 mpope wa mafuta wocokera ku Dar es Salaam unafika ku Ndola, ndipo bvuto la petulo linacepa.

Zonsezi zinali nchito zazikuru, ndipo dziko latsopano linazigwira molimba mtima. Koma zinadya ndalama zambiri, ndipo katundu wodzera njira yaitali afika m'sitolo ali wokwera mtengo. Munthu wa kumudzi, wokhala ndi nkhokwe yace, anamva ululu pang'ono. Munthu wa m'tauni, amene agula ciriconse kuyambira ufa kufikira makala, anaumva pa malipiro a mwezi uliwonse.

Malipiro awiri pa nchito imodzi

Pansi pa mgodi panali cina cowawa koposa. Tsankho la khungu linali litathetsedwa m'malamulo, koma makampani anakhazikitsa miyeso iwiri ya malipiro, wina wa anchito ocokera kunja, amene pafupifupi onse anali Azungu, wina wa eni dziko. Mzambia wokwezedwa pa nchito ya Mzungu anali kulandira ndalama zocepa kuposa za amene anamsiyira malo. M'miyezi ya Malici ndi Epulo 1966 anchito ananyanyala, kuyambira ku Nchanga kufalikira ku migodi ina. Boma linaika kabungwe kofufuza kotsogozedwa ndi a Roland Brown, ndipo kanaweruza kuti malipiro akwere ndi magawo 22 pa 100 alionse. Caka comweco ananyanyalanso, posafuna kuti ndalama zao zosungira ukalamba zilowe m'thumba latsopano la Boma, la National Provident Fund.

Apa ndi pamene mau a atsogoleri anayamba kusintha. Nduna zimene dzulo zinali kuyamika kulimba mtima kwa anchito zinayamba kuwadzudzula kuti ali aulesi, oledzera ndi odzikonda, ndi kuti kunyanyala nchito pamene adani azinga dziko ndiko kuthandiza a Smith. Mau a Boma anali ndi cifukwa cace: munthu wa mumgodi anali kulandira ndalama zoposa kutali za mlimi wa ku Chipata kapena ku Kasama, ndipo mkuwa ndiwo unali kumanga masukulu ndi zipatala za dziko lonse. Koma anchito naonso anali ndi maso. Anali kuona atsogoleri akulowa m'nyumba zazikuru zimene Azungu anasiya, akuyenda m'magalimoto a mtengo wapatali, pamene iwo anauzidwa kumanga lamba. Mu Ogasiti 1969 a Kaunda analengeza ku Matero kuti Boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi, ndipo anthu anakondwa. Koma nthawi yomweyo malipiro anaimitsidwa kukwera ndipo kunyanyala nchito kunaletsedwa. Wolemba nchito ndi wolamulira dziko anakhala munthu mmodzi, ndipo wodandaula za malipiro anayamba kuoneka ngati wotsutsa Boma.

Ngakhale m'misika ndi pokwerera mabasi mtendere unacepa. Anyamata a cipani anali kuima pazipata nafunsa khadi la UNIP, ndipo wopanda khadi anali kubwezedwa.

Mkangano wa pamwamba

Pamene pansi panali kutukusira cotere, pamwamba naponso panang'ambika. Pa msonkhano wa UNIP ku Mulungushi mu Ogasiti 1967 mipando ya akuluakulu a cipani inapikisanidwa mwa mavoti, ndipo nthumwi zinagawikana monga mwa zigawo ndi zinenero: olankhula Cibemba anagwirizana ndi Atonga, a kum'mawa anagwirizana ndi Alozi. A Simon Kapwepwe, bwenzi la a Kaunda kuyambira ubwana wao ku Chinsali, anagonjetsa a Reuben Kamanga a kum'mawa nakhala waciwiri kwa Pulezidenti. Cironda ca cisankho cimeneci sicinapole msanga. Mu Febuluwale 1968, pa msonkhano wa ku Chilenje mu Lusaka, a Kaunda anatopa ndi mikangano ya mitundu natula pansi udindo, koma anaubwerera m'mawa mwace atapembedzedwa usiku wonse. Caka comweco cipani ca United Party ca a Nalumino Mundia cinaletsedwa pambuyo pa ndeu imene inaphetsa anthu ku Chililabombwe.

Mu Ogasiti 1969 a Kapwepwe analengeza kuti asiya udindo, nati anthu a kwao ali kuzunzidwa. Anabweza mau ao patapita masiku owerengeka, koma mu Okutobala 1970 mpando wao unapatsidwa kwa a Mainza Chona. Popeza Cibemba ndico cinenero ca ku Migodi, ambiri kumeneko anaona ngati kutsitsidwa kwa a Kapwepwe ndi kutsitsidwa kwao. Miyezi yomweyo inadza ndi masoka ena. Pa 25 Seputembala 1970 matope ndi madzi zinagumukira mu mgodi wa Mufulira nizipha anchito 89. Mtengo wa mkuwa unatsika. Cimanga cinasowa, ndipo mu 1971 Boma linakakamizika kukagula cimanga ku Rhodesia komweko kumene anthu anauzidwa kuti asagule kanthu.

Cipani catsopano ndi kutsekedwa kwa khomo

Mu Ogasiti 1971 a Kapwepwe anaturuka m'Boma natsogolera cipani ca United Progressive Party, pamodzi ndi a Justin Chimba ndi ena amene anali ankhondo akale a UNIP. Anadandaula za kuononga cuma, za ziphuphu, ndi za kutha kwa ufulu wolankhula m'kati mwa cipani colamula. Boma linayankha kuti cipanico ndi ca mtundu umodzi, ndi kuti ciri kuthandizidwa ndi adani a kumwera. Atsogoleri ace ambiri anatsekeredwa cisanathe ndi mwezi womwe, ndipo ocitsatira anacotsedwa nchito kapena kulandidwa malo m'misika. Ngakhale zinali cotero, pa cisankho capadera ca Disembala 1971 anthu a Mufulira West anasankha a Kapwepwe. Unali mpando umodzi wokha, koma unali pakati peni peni pa nyumba ya UNIP.

Pa 4 Febuluwale 1972 cipanico cinaletsedwa, ndipo a Kapwepwe anatsekeredwa pamodzi ndi anzao 122. Mwezi womwewo a Kaunda analengeza kuti dziko lidzakhala la cipani cimodzi, naika kabungwe ka a Chona kuti kafunse anthu za kayendetsedwe kace, koma osati ngati acifuna kapena ai. Pa 13 Disembala 1972 lamulolo linasainidwa. Mwezi wotsatira a Smith anatseka malire a pa Zambezi; pamene anawatsegulanso, a Kaunda anakana kubwerera, ndipo njanji ya kumwera inakhala yosagwiritsidwa nchito ndi Zambia kufikira 1978.

M'zaka zonsezi anthu a ku Kitwe ndi Ndola sanapemphe kuti Citaganya cibwerere. Akale anati walira mvula walira matope, ndipo matopewo anawaponda: anaima pamizere ya mafuta, analipira mitengo yokwera, anakumba mkuwa umene unalipira njira zatsopano za kumpoto. Cimene anakana ndico kuponda matope okha pamene owatsogolera ayenda pouma, ndi kuchedwa adani a dziko pamene afunsa cifukwa cace. Atsogoleri anali ndi adani enieni kutsidya kwa Zambezi, ndipo mantha ao sanali acabe. Koma anazolowera kumva liu la mdani m'dandaulo liri lonse la mwana wa m'nyumba.

Khomo la zipani litatsekedwa, madandaulo anabwerera ku nyumba ina ija imene anchito anaisunga kuyambira masiku a a Katilungu. A Kapwepwe anamwalira mu Januwale 1980 osaonanso udindo. Mu Disembala 1986 matauni a ku Migodi anaukira kukwera mtengo kwa ufa, ndipo Boma linabweza mtengowo. Pa cisankho ca 31 Okutobala 1991, coyamba ca zipani zambiri cicokere 1968, amene anagonjetsa a Kaunda anali a Frederick Chiluba, kalaliki wa ku Ndola amene anatsogolera mabungwe a anchito a dziko lonse kuyambira 1974.