NSOMBA YA MCERE PA ZISUMBU ZA NZIMBE

Mlendo wofika pa cisumbu ca Jamaica, kapena St Kitts, kapena Trinidad, akapempha kuti alaweko cakudya ceni-ceni ca eni dziko, kawiri-kawiri amamuikira pa mbale nsomba youma yamcere, yokazinga ndi anyezi ndi tsabola, ndi pambali pace timitanda ta ufa wa tirigu timene iwo amati dumpling. Eni ace amacinyadira cakudya cimeneci, ndipo ana ao okhala ku London ndi ku Toronto amacilakalaka akakumbuka kwao. Koma munthu woganiza akayang'anitsitsa mbaleyo ayenera kudabwa. Zisumbu zimenezi zazingidwa ndi nyanja yofunda ya Caribbean, imene iri ndi nsomba zace zambiri, komatu nsomba ya pa mbaleyo siinagwidwe m'menemo ai. Ndi nsomba ya m'madzi ozizira a kumpoto, kutali mamailosi oposa 2,000. Tirigu nayenso samera m'dziko lotentha lotero. Ndiwo ndi codyera cace zonse zinadza pa zombo, ndipo cimene cinazibweretsa ndico shuga.

Nzeru ya kusunga nsomba ndi mcere njakale kwambiri. Aigupto anaidziwa, ndipo m'masiku a Aroma munali nyumba zosungiramo nsomba m'mcere m'mbali mwa nyanja ya ku Spain. Cimene cimaoletsa nsomba ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti sitikhala ndi moyo popanda madzi. Tsono mcere umakoka madzi a m'mnofu, mphepo ndi dzuwa nizitsiriza nchito. Koma si nsomba zonse zimene zisungika bwino. Ya mafuta ambiri imayamba kununkha mafuta aja akasasa. Iripo nsomba ina m'nyanja ya Atlantic, dzina lace cod, imene mnofu wace ndi woyera, wosanona, pakuti mafuta ace amakhala m'ciwindi. Imeneyi ikauma imalimba ngati thabwa, nikhala caka ngakhale zaka ziwiri osaonongeka. Anthu a ku Norway anali kuiyanika pa mitengo m'mphepo yacisanu ya pa zisumbu za Lofoten, osathira mcere konse, naigulitsa pa doko la Bergen zaka mazana ambiri Azungu asanadziwe za America.

Ogula sanasowe. Mpingo wa Katolika unaletsa nyama pa Lacisanu liri lonse, m'nyengo ya Lenti, ndi pa masiku ena osala kudya. Motero anthu a ku Ulaya okhala kutali ndi nyanja anafuna nsomba yosaola pa njira. M'caka ca 1497 John Cabot ananyamuka ku Bristol pa combo cochedwa Matthew, nalunjika kumadzulo, nafika ku dziko limene licedwa Newfoundland. Pobwera amalinyero ace anasimba kuti nsomba kumeneko zinacuruka kotero kuti munthu akhoza kuzitunga ndi dengu lomangirira mwala. Sipanapite zaka zambiri, zombo za Apwitikizi, Afalansa, Angelezi ndi anthu a mtundu wa Basque zinayamba kuoloka caka ndi caka. Afalansa, pokhala ndi mcere wambiri kwao, ankathira mcere wocuruka nasunga nsomba zaziwisi m'combo momwemo. Angelezi anali ndi mcere wocepa. Tsono iwo ankakocheza pa mtunda, kutumbula nsomba, kuidula mutu, kuing'amba ndi kucotsa msana, kuiwaza mcere pang'ono, ndi kuiyanika pa mathandala. Apwitikizi anaicha nsomba yotere bacalhau, ndipo dzinali linayenda nao kutali: ku Congo nsomba yamcere amati makayabu, ndipo m'misika ya ku Malawi mumamveka dzina lakuti bakayawo.

Pa nthawi imene asodzi analinkukhazikika kumpoto kuja, kumwera kunalinkucitika cinthu cina. M'zaka za m'ma 1640 Angelezi a pa cisumbu ca Barbados anayamba kulima nzimbe, ndipo phindu lace linali lalikuru kotero kuti anagwetsa nkhalango nasandutsa cisumbu conse munda umodzi. Mu 1655 analanda Jamaica kwa Aspanya. Nchito ya nzimbe njowawa, yofuna manja ambiri, ndipo manjawo anawagula ku Africa: amuna, akazi ndi ana, makamaka ocokera ku maiko a kumadzulo ndi ku Congo ndi Angola, oolotsedwa m'zombo ali omangidwa. Mwini munda anawerengera kuti ekala yobzala nzimbe imbweretsera ndalama zoposa ekala yobzala cakudya, ndi kuti kuweta ng'ombe zodyetsa akapolo kukadya malo a nzimbe. Akapolo ena anali asodzi ndithu, koma kutumiza anthu ambiri ku nyanja kukadacotsa manja m'munda, ndiponso munthu wokhala ndi bwato akhoza kuthawa. Cinatsala ndico kugula ndiwo yochipa koposa zonse, yosaola m'nyumba yosungiramo katundu.

Apa ndi pamene nkhani ziwirizi zikomana. Nsomba zikauma ku Newfoundland ndi ku New England, munthu wosankha ankazigawa m'magulu. Zokongola, zathunthu, zouma bwino, zinapita ku Spain, Portugal ndi Italy, kumene ogula anali ozindikira ndi osanyengeka. Zotsala, ndizo zosweka, zopsa ndi dzuwa, zopyola mcere, zoyamba kununkha, anazipatsa dzina la malo amene zinalinkupita: West India. Dzinali linasanduka dzina la gulu lotsikitsitsa la nsomba, ndipo linakhalabe m'mabuku a amalonda zaka zambiri ukapolo utatha. Zombo za ku Boston ndi Salem zinatsikira nazo kumwera pamodzi ndi matabwa ndi ufa, nizibwerako ndi zotsalira za shuga, zakuda zonga uci, zimene anachezera kacasu wochedwa rum. Wina wa kacasu ameneyo anapita ku Africa kukagulira akapolo ena.

Ngakhale mcerewo unali ndi misozi yace. Wambiri wa mcere umene asodzi a ku America anathira pa nsomba unacokera ku Turks Islands, kumene madzi a m'nyanja ankawatsekera m'maiwe kuti aume ndi dzuwa. Okokola mcerewo anali akapolo. Mmodzi wa iwo, mai wochedwa Mary Prince, wobadwira ku Bermuda, anasimba mbiri yace imene inasindikizidwa ku London mu 1831. Iye anafotokoza kuti ankalowa m'madzi amcere olekeza m'maondo kusanace, natulukamo kutada. Kuti miyendo yao inacita zironda zonyeka kufikira pa fupa. Ndi kuti cakudya cao cinali cimanga cowiritsa. Kotero kapolo wa pa cisumbu cina anakokola mcere, mcerewo unapita kumpoto, nubwerera uli pa nsomba yokanidwa kudzadyetsa kapolo wa pa cisumbu cina.

Phoso lace linali lotani? Lamulo la pa zisumbu za Leeward la caka ca 1798 linati kapolo ali yense azilandira pa sabata mapainti 9 a cimanga kapena nyemba, kapena mapainti 8 a ufa, ndi paundi imodzi ndi kota ya nsomba yamcere kapena ndiwo ina yamcere. Ameneyo ndi munthu wolima ndi kudula nzimbe kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Ndipo popeza panafunika lamulo kuti alandire zimenezi, nkosabvuta kuganiza zimene ambiri analandira lamulo lisanabwere.

Kuopsa kwa kudya za pa zombo kunaoneka pamene maiko a Angelezi a ku America anaukira mfumu yao mu 1775. Malonda anadukiza, ndipo nkhondo itatha mu 1783 boma la ku London linaletsabe zombo za Amereka kufika pa zisumbu zace. Pa zaka zomwezo anamondwe anakantha Jamaica motsatizana, nagwetsa nthoci zimene akapolo anadalira, cirala nicitsata pambuyo. Bwalo la malamulo la pa cisumbupo, limene linali m'manja mwa eni minda, linawerengera kuti pakati pa 1780 ndi 1787 akapolo 15,000 anafa ndi njala ndi matenda odza ndi njala. Eni minda anacita mantha, pakuti akufawo anali cuma cao, nacondelera boma kuti liwapezere mtengo wa cakudya wosafuna kulimira. Ndico cifukwa cace William Bligh anatumidwa ku Tahiti kukatenga mbande za mtengo wa breadfruit. Ulendo woyamba, wa pa combo ca Bounty, unalephereka pamene amalinyero anamuukira mu 1789; waciwiri unafikitsa mitengoyo ku St Vincent ndi ku Jamaica mu 1793. Poyamba akapolo sanacikonde cipatso cacilendoco, ndipo cinatenga nthawi kuti cilowe m'miphika yao.

Cimene cinapulumutsa anthu koposa mitengo ya Bligh ndi timinda tao tomwe. Pa zisumbu zamapiri monga Jamaica akapolo anapatsidwa malo osayenera nzimbe, nalimamo pa Sabata zilazi, cinangwa, mbatata, nthoci, therere ndi tsabola. M'timinda ndi m'mabwalo a nyumba zao munameranso mtengo wa ackee, wocokera ku Africa ya kumadzulo, umene cipatso cace ciri ndi ululu wakupha cikachoredwa cisanadzitsegukire cokha. Akazi ophika ndiwo anakomanitsa zinthu zimenezi ndi kacidutswa ka nsomba ya phoso. Popeza nsombayo inali yocepa, sanaiyese ndiwo yodya ndi manja awiri, koma cokometsera: kacidutswa kamodzi kanapereka mcere ndi pfungo ku mphika wonse. Ukapolo unathetsedwa pa 1 August 1834, ndipo ufulu weni-weni unadza mu 1838, koma nsomba yamcere siinacoke. Inali yochipa, yosafuna malo ozizira, ndipo malilime anali ataizolowera. Cisumbu ciri conse cinaipezera mnzace: ku Jamaica ackee, ku St Lucia nthoci zaziwisi zowiritsa, ku Antigua cakudya ca ufa wa cimanga cochedwa fungee, cimene wodya nsima akaciona sangafunse kuti nciani.

Kaphikidwe kace kamayamba dzulo lace. Nsomba imabviikidwa m'madzi ozizira usiku wonse, ndi kusintha madziwo kawiri kapena katatu, kuti mcere usukuluke. Wofulumira amaiwiritsa ndi kutaya madzi, nabwerezanso. Apa pafunika cidziwitso, pakuti yosabviika mokwanira siidyeka, ndipo yobviikitsa imasanduka zii, ngati nsanza. Wophika wodziwa amatsina pang'ono nalawa. Ikafewa amaisenda khungu, kucotsa minga, ndi kuinyenya ndi zala. M'ciwaya amatenthetsa mafuta, kale-kale a kokonati, nakazingamo anyezi, adyo, matimati, timasamba tonunkhira ta thyme, ndi tsabola wowawa kwambiri wochedwa Scotch bonnet, amene ena amamponya wathunthu kuti apereke pfungo lokha osayabwa. Nsomba imalowa potsiriza, ndi madzi pang'ono opangira msuzi, niikhala pa moto wocepa kanthawi. Mcere sathiramo.

Dumpling ndi cinthu cosabvuta kuposa mkate: ufa wa tirigu, mcere pang'ono ndi madzi, basi. Ena amasakanizako ufa wa cimanga kapena wa cinangwa, ndipo a ku St Kitts amathirako kokonati wopala. Amakanda kufikira mtanda utalimba osamatanso m'manja, nauduladula, naumba tina tophwathalala, tina tatitali ngati cala. Amatiponya m'madzi owira kale, natakasa kamodzi kuti tisakakamire pansi, ndipo pakapita mphindi 15 kapena 20 tapsa. Dumpling wabwino wa kumeneko safewa ngati wa ku England. Ndi wolimba, wofuna mano, wokhalitsa m'mimba monga ayenera kukhala kamba wa munthu wa khasu. Ena amakazinga mtanda womwewo m'mafuta, nufanana ndi mandasi opanda shuga, ndipo umenewo amadya ndi nsomba m'mawa.

Nyanja imene amalinyero a Cabot anatungamo nsomba ndi dengu inatha kuwolowa manja. Zombo zazikuru za makina, zokoka makoka pansi pa nyanja, zinafika m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1968 mokha zinagwira matani ngati 800,000 a cod ku Newfoundland ndi Labrador. Mu July 1992 boma la Canada linatseka usodziwo cifukwa nsomba zinali pafupi kutha, ndipo anthu pafupi-fupi 30,000 anataya nchito. Unatsegulidwanso mu 2024, koma ndi muyeso wa matani 18,000 okha. Tsopano nsomba yamcere yambiri yogulitsidwa m'masitolo a ku Kingston imacokera ku Norway, ndipo kawiri-kawiri siikhala cod yeni-yeni koma mbale wace wochipirapo. Ngakhale imeneyo mtengo wace wakwera, kotero kuti mai wa m'nyumba yosauka amagula kacidutswa kakang'ono, nakanyenya bwino-bwino, naonjezera anyezi, nakanda ufa wocurukirapo.