Sensa yoyeza shuga m'thupi: mmene imagwirira nchito ndi zimene ingafune ku Mwase Lundazi

Munthu wodwala matenda a shuga a mtundu woyamba amakhala ndi moyo cifukwa ca jakisoni wa insulini, ndipo asanadzibaye amafunika kudziwa kuculuka kwa shuga m'magazi ake. Kwa zaka zambiri njira yake yakhala yodzibaya pa cala, kudontheza magazi pa kapepala koyezera ndi kuwerenga nambala pa makina. Masiku ano kuli kacipangizo komata pa khungu, dzina lake sensa, kamene kamayeza shuga usana ndi usiku. Kwa mabanja a m'dziko la Mfumu Yaikulu Mwase, m'boma la Lundazi m'cigawo ca Kum'mawa, funso ndi lakuti kodi kacipangizo kotere kangathandize munthu wa kumudzi, wokhala kutali ndi cipatala cacikulu.

Matenda ake

Mtundu woyamba wa shuga umayamba pamene citetezo ca thupi caononga maselo a m'kapamba amene amapanga insulini. Kawirikawiri umagwira ana ndi acinyamata, ndipo subwera cifukwa ca kudya zotsekemera kapena kulodzedwa. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kufooka ndi kuonda msanga ngakhale munthu akudya bwino. Mwana amene anasiya kale kukodza pogona amayambanso. Insulini inapezeka mu 1921 ku Toronto m'dziko la Canada, pa nchito ya Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo wodwala woyamba anabayidwa mu January 1922.

Cobvuta ndi muyeso wake. Insulini ikamacepa, shuga amakwera, ndipo m'kupita kwa zaka amaononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Ikasoweka kwa masiku ocepa cabe, wodwala amayamba kusanza, kupuma mwabefu ndi kukomoka. Ikaposa cakudya cimene munthu wadya, shuga amatsika: thukuta limatuluka, thupi limanjenjemera, maganizo amasokonezeka, ndipo munthu angathe kukomoka ali m'tulo popanda wina wodziwa.

Mmene sensa imagwirira nchito

Sensa ndi yaikulu ngati ndalama yacitsulo. Imamatidwa kumbuyo kwa mkono kapena pamimba, ndipo kawaya kake kopyapyala kamalowa pang'ono pansi pa khungu. Siyeza magazi enieni koma madzi a m'thupi amene ali pakati pa maselo. Pa cifukwa ici nambala yake imatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo, makamaka shuga akamakwera kapena kutsika mofulumira. Nambalayo imatumizidwa ku foni kapena ku kamakina kowerengera, pamodzi ndi mubvi wosonyeza kumene shuga akulowera.

Makina oyamba a mtundu umenewu analoledwa ku America mu 1999. FreeStyle Libre, imene inayamba kugulitsidwa ku Ulaya mu 2014, imakhala pa khungu masiku 14. Dexcom G6 imakhala masiku 10 ndipo imayeza mphindi zisanu zilizonse, kutanthauza maulendo 288 pa tsiku. Munthu wodzibaya pa cala amayeza mwina kawiri kapena kanayi, ngati timapepala tilipo.

Kusiyana kumeneku ndiko phindu lake lonse. Nambala ya m'mawa ndi ya madzulo zingaoneke zabwino pamene pakati pake shuga anakwera kwambiri munthu atadya nsima ya masana, kapena anatsika koopsa cha m'ma 2 koloko usiku. Mlimi amene wabaya insulini m'mamawa n'kupita kukalima mtedza kapena cimanga asanadye mokwanira amatha shuga wambiri pa khasu. M'miyezi ya njala, cakudya cikamacepa pamene muyeso wa insulini sunasinthe, ngozi imeneyi imakula. Masensa ambiri amalira shuga akayamba kutsika, ndipo kulirako kumadzutsa wodwala kapena makolo ake.

Mu 2019 akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anagwirizana kuti odwala ambiri azikhala ndi shuga wa pakati pa 3.9 ndi 10.0 mmol/L kwa nthawi yoposa 70 peresenti ya tsiku, amene ndi maola pafupifupi 17, ndi kuti nthawi yokhala pansi pa 3.9 isafike ola limodzi. Kuyeza kwa HbA1c, kumene kumacitika ku cipatala, kumasonyeza cithunzi ca miyezi iwiri kapena itatu, koma sikuonetsa maola amene shuga anagwa.

Zimene zinaoneka ku Neno

Dera la kumidzi loyandikira kumene masensa anayesedwa mwadongosolo ndi boma la Neno, kumwera kwa Malawi, dziko limene Lundazi imagawana nalo malire. Mu 2022 odwala 45 a pa zipatala za Neno ndi Lisungwi analowa m'kafukufuku wa miyezi itatu, mothandizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo. Odwala 30 anapatsidwa Dexcom G6, ndipo 15 anapitiriza kudzibaya pa cala ndi kulemba manambala m'buku. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2024 m'magazini ya zaumoyo ya BMJ Open.

Odwala anazilandira bwino zipangizozo, ndipo ngakhale kumeneko kumatentha, zotupa za pa khungu sizinali zambiri. Azaumoyo anasintha muyeso wa insulini kawirikawiri mwa obvala sensa, popeza tsopano anali kuona zimene zimacitika kunyumba. Koma zomatira zinali kumatuka, masensa ena analeka kugwira nchito nthawi yake isanakwane, ndipo odwala anabvala sensa pafupifupi 64 peresenti cabe ya nthawi yonse. Cacikulu n'cakuti sanathe kusintha sensa paokha, motero maulendo awo a ku cipatala anaculuka. Kacipangizo kamene m'maiko olemera kamacepetsa maulendo, ku Neno kanawaonjezera.

Ku Mwase Lundazi

Mfundo yomalizayi ndiyo ikhudza kwambiri Mwase Lundazi. Wodwala wa kumeneko amayambira pa cipatala cacing'ono ca m'deralo, zikakula amatumizidwa ku cipatala ca boma ku Lundazi, ndipo kucoka pamenepo ku Chipata Central Hospital, mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Sensa ya masiku 14 imafunika kusinthidwa ka 26 pa caka, ya masiku 10 koposa ka 36. Ngati wodziwa kuimata ndi kumasulira manambala ake ali ku boma kokha, banja lingathe ndalama za zokolola pa maulendo, makamaka m'nyengo ya mvula. Kuphunzitsa anamwino a pafupi ndi odwala eni ake n'kofunika mofanana ndi kugula zipangizozo.

Masensa onse amacokera kunja, ndipo mtengo wake ndi woposa kwambiri wa timapepala. Foni kapena kamakina kowerengera kamafuna moto pafupipafupi, zimene m'midzi yambiri zimadalira sola. Ndipo sensa siloleza munthu kutaya makina a pa cala: nambala yake ikasemphana ndi mmene wodwala akumvera m'thupi, ayenera kudzibaya pa cala kuti atsimikize. Shuga akatsika pansi pa 3.9, wodwala amene ali maso amwe madzi osungunuliramo masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga, ayezenso pakapita mphindi 15. Wokomoka asamwetsedwe kanthu. Athamangire naye ku cipatala.

Mu 2022 maiko a m'bungwe la zaumoyo la WHO anagwirizana kuti pofika 2030 aliyense wodwala mtundu woyamba akhale ndi insulini yosakwera mtengo ndi njira yodziyezera shuga kunyumba. Mu August caka comweco, ku Lomé m'dziko la Togo, nduna za zaumoyo za mu Africa zinabvomereza ndondomeko ya PEN-Plus, yofikitsa cithandizo ca matenda akulu osapatsirana ngati amenewa ku zipatala za m'maboma. Zipatala za Neno ndi Lisungwi, kumene masensa anayesedwa, zinali kale kutsata ndondomeko imeneyi, ndi azaumoyo ophunzitsidwa mwapadera za insulini.