Zithunzi Zopapasa Pophunzitsa Ana Osaona

Zithunzi zopapasa ndi zojambula zimene mizere yake imakhala yotumphuka pamwamba pa pepala, kuti wophunzira wosaona kapena woona movutikira aziitsatira ndi zala. Zimafunika kwambiri pa masamu, sayansi ndi mapu, pamene mawu okha sakwanira kulongosola maonekedwe a chinthu.

Kuwerenga ndi zala kunazika mizu ku France. M'zaka za m'ma 1780 Valentin Haüy anatsegula sukulu ya ana osaona ku Paris, kumene pambuyo pake kunaphunzira Louis Braille (1809-1852), Mkatolika amene ankaimbanso limba m'matchalitchi a mumzindawo. Buku lofotokoza zilembo zake za timadontho 6 linatuluka mu 1829. Koma zilembo za Braille zimanyamula mawu ndi manambala. Sizingamuonetse mwana momwe mtsinje wa Shire umakhotera, kapena momwe mtima wa munthu unagawikira m'zipinda zinayi.

Chala sichigwira ntchito ngati diso. Diso limaona chithunzi chonse nthawi imodzi, kenaka n'kuyamba kuzindikira zigawo zake. Chala chimayamba ndi kachigawo kamodzi, ndipo mwana amalumikiza yekha zigawozo m'maganizo mpaka chithunzi chitakwanira. N'chifukwa chake kungotumphutsa chithunzi cha m'buku la ana oona sikuthandiza kwenikweni. Wojambula tebulo amafupikitsa miyendo yam'mbuyo pofuna kuonetsa kuti ili patali. Mwana amene tebulo amalidziwa ndi manja, miyendo inayi yofanana, angaganize kuti ili ndi lothyoka. Chithunzi chabwino chimachotsa zokongoletsa zonse, chimasiya mpata wokwanira pakati pa mizere, ndipo mayina aatali chimawaika patsamba lina. Ngati zoti ziphunzitsidwe zachuluka, ndi bwino kupanga zithunzi ziwiri kusiyana ndi kupanikiza zonse pamodzi.

Njira zozipangira zilipo zingapo. Makina otchedwa thermoform amatenthetsa pepala la pulasitiki kuti litenge maonekedwe a chithunzi choyamba. Palinso pepala lapadera limene limafufuma pamene pali inki yakuda likatenthedwa. Zonsezi ndi zodula, komabe mphunzitsi wakhama sasowa pogwira. Ndi katoni, guluu, ulusi, mchenga ndi njere angathe kupanga mapu a Malawi: nsalu yosalala pa nyanja, ulusi wotsika kuchokera ku Mangochi kudzera pa nyanja ya Malombe mpaka ku Nsanje, ndi njere yaikulu pa phiri la Mulanje.

Kuno kwathu aphunzitsi a ana osaona amaphunzira ntchito yawo pa Montfort Special Needs Education College ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, sukulu imene anaiyambitsa Abulazala a FIC.

Kuwerenga chithunzi ndi luso loyenera kuphunzitsidwa monga Braille yemwe. Mphunzitsi amayamba wamugwiritsa mwana chinthu chenicheni, monga tsamba la mango kapena nsomba ya chambo, kenaka chithunzi chake. Amamuuza mutu wa chithunzicho, namulola kuti ayendetse manja onse awiri patsamba lonse asanamufunse funso lililonse. Zimenezi zimadya nthawi, ndipo m'kalasi ya ana ambiri mwana wotere amafunika kulandira chithunzi chake phunziro lisanayambe.