Kukana Nsalu ya Akulu N'kuviika: Mbiri ya Gulu la Alembi la pa Chancellor College

Mwambi wa makolo umati, "Kukana nsalu ya akulu n'kuviika." Munthu wamkulu akatuma mwana kuti akamuchapire nsalu, mwana wolangika sayankha kuti ayi ngakhale mtima wake usakufuna. Amailandira ndi manja awiri, napita nayo kudambo, naiviika m'madzi, n'kuisiya choncho. Mkulu uja akaipeza nsalu ili chiviikire amazindikira yekha kuti ntchito yakanidwa, koma amasowa pomugwira mwanayo chifukwa pakamwa pake sipadatuluke chipongwe. Nzeru imeneyi, yonena zakukhosi popanda kuloza munthu chala, ndiyo idatchinjiriza ophunzira ndi aphunzitsi a pa Chancellor College amene adayamba kulemba ndakatulo, nkhani zopeka ndi zisudzo m'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi. Mbiri yawo ikusonyeza kuti miyambi ndi nthano, zimene ena amaziyesa zocheza nazo ana pamoto, ndizo zidakhala pothawirapo pa anthu ophunzira pamene kulankhula poyera kudasanduka mlandu.

Nthawi yosunga pakamwa

Sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo maphunziro adayamba mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Koleji ya Chancellor idakhala ku Chichiriko kufikira 1973 pamene idasamukira ku Zomba. Sukuluyi idabadwa nyengo itaipa kale. Patangopita miyezi iwiri dziko chilandirire ufulu, nduna zingapo zidasemphana maganizo ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo zambiri mwa izo zidathawira kunja. Mu 1966 Malawi adakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 a Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya.

M'chaka cha 1968 padakhazikitsidwa lamulo lopatsa bungwe la Censorship Board mphamvu zounika mabuku, mafilimu, nyimbo ndi zisudzo. Sewero silinkaonetsedwa pagulu bungweli lisanaliwerenge ndi kulivomereza. Mabuku mazanamazana adaletsedwa, ndipo ena mwa iwo adali Animal Farm la George Orwell ndi No Bride Price la David Rubadiri, kazembe woyamba wa Malawi ku America amene adatula pansi udindo wake mu 1965. Munthu ankatha kutsekeredwa m'ndende zaka zambiri osaonekera kubwalo la milandu, ndipo akazitape ankapezeka ngakhale m'makalasi. Aliyense adaphunzira tanthauzo la mwambi uja wakuti, "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata."

Chiyambi cha gulu

M'nyengo yotereyi, m'chaka cha 1970, ophunzira ndi aphunzitsi owerengeka a ku Chichiri adayamba kukumana madzulo kamodzi pa sabata kuti aziwerengerana zimene alemba. Gululi lidatchedwa Writers Group. Pakati pa ophunzira amene adadutsamo m'zaka zoyambirira padali Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, James Ng'ombe, Innocent Banda, Ken Lipenga ndi Anthony Nazombe. Kumbali ya aphunzitsi kudali Felix Mnthali, Steve Chimombo, ndi ena ochokera kunja monga David Kerr, Landeg White ndi James Gibbs.

Kachitidwe kake kadali kachilendo pa nthawiyo. Mlembi ankabweretsa ndakatulo kapena nkhani yake itachulukitsidwa pa makina opukusa ndi dzanja, aliyense nalandira pepala lake. Akaiwerenga mokweza, anzake ankayamba kuisenda mzere ndi mzere: liwu ili lachepa mphamvu, fanizo ili ndi lobwereka, apa wabisa kwambiri, apa waulula kwambiri. Pabwalo limeneli mphunzitsi ankadzudzulidwa ndi wophunzira wake, ndipo ankalandira chidzudzulocho. M'dziko limene mawu a wamkulu sankafunsidwa, chipinda chimene mnyamata wa chaka choyamba ankatha kuuza dokotala wa maphunziro kuti ndime yake njofooka chidali sukulu ya ufulu pachokha. Adagwiritsa ntchito mwambi wakuti, "Wakutsina khutu ndi mnansi."

Zipatso sizidachedwe. Mu 1971 gululi lidatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. Padabadwanso magazini monga Odi, imene inkasindikiza zolemba za m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndi The Muse, timapepala tosanthula zolemba ndi zisudzo za pakolejipo. Mu 1976 James Gibbs adasonkhanitsa masewero m'buku la Nine Malawian Plays, lofalitsidwa ndi Popular Publications ku Limbe. Nkhani zazifupi khumi zidatuluka m'buku la Namaluzi mu 1984, ndipo mu 1990 Anthony Nazombe adasonkhanitsa ndakatulo m'buku la The Haunting Wind.

Ndakatulo ndizo zidachuluka koposa, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ndakatulo imakwana pa pepala limodzi, imasungika pamtima, ndiponso imalola mlembi kunena zinthu ziwiri m'mawu amodzi. Buku lalitali lofotokoza moyo wa tsiku ndi tsiku likadayenera kutchula makadi a chipani, a Payoniya ndi ndende, ndipo likadathera m'manja mwa apolisi pamodzi ndi mwini wake.

Kubwerera kwa agogo

Funso lalikulu kwa alembiwa lidali lakuti: munthu anganene bwanji zoona n'kugona m'nyumba mwake usiku womwewo? Yankho adalipeza kumudzi kumene adachokera. Mayi wodandaula za mwamuna wake kapena apongozi ake ankaimba madandaulowo pamtondo, mudzi wonse n'kumva, koma palibe ankamuzenga mlandu chifukwa idali nyimbo. Gule wamkulu ankanyogodola khalidwe la anthu otchuka kudzera m'zilombo, ndipo wonyogodoledwayo ankaseka nawo pabwalo. M'nthano, Kalulu ankapusitsa Njovu ndi Mkango, ana n'kumaphunzira mwakachetechete kuti mphamvu si nzeru. Mwambo umenewu, wopatsa woimba chilolezo chodzudzula mfumu, Landeg White ndi Leroy Vail adaufotokoza pambuyo pake m'buku lawo la mu 1991 la Power and the Praise Poem.

Padalinso mwayi wina. A Banda eni ake ankalimbikitsa chikhalidwe cha makolo pamisonkhano yawo, ndipo mu 1946 adathandizana ndi Cullen Young kukonza buku la Our African Way of Life. Choncho kudali kovuta kumanga munthu chifukwa cholemba za Chauta, M'bona kapena Kalulu. Pakoleji pomwepo padali Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Holland amene adafufuza mozama za Nyau ndi za kachisi wa M'bona wa ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndipo kafukufuku wawo adapatsa alembi nkhokwe yotapamo. Mu 1976 Jack Mapanje adayambitsa magazini ya Kalulu yosunga nthano, miyambi ndi nyimbo za makolo.

Steve Chimombo adatenga mbiri ya M'bona nalemba sewero la The Rainmaker, lofalitsidwa mu 1978, lonena za mlauli wa mvula amene adalimbana ndi eni mphamvu. Adatenganso Napolo, chinjoka chimene makolo amati chimakhala pansi pa phiri ndipo chikamasamukira kunyanja chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Anthu a ku Zomba sadaiwale chigumukire cha mu Disembala 1946. Wowerenga ndakatulo za Napolo, zimene zidatuluka m'buku mu 1987, ankatha kunena kuti akuwerenga za madzi osefukira. Koma amene mbale wake adatengedwa usiku ndi galimoto ya apolisi ankadziwa bwino za chinthu chimene chimadutsa mwadzidzidzi, n'kusiya anthu akunong'onezana.

Jack Mapanje adasankha bilimankhwe. M'nthano ya makolo, Chauta adatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma iye adayenda monyang'wa kotero kuti buluzi, amene adatenga uthenga wa imfa yosabwerera, adamupitirira nafika poyamba. M'nthano ya ku Kaphirintiwa, anthu atapeka moto n'kutentha tchire, bilimankhwe adapulumukira mumtengo, pamene Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Kanyama kosintha maonekedwe, koponda mosamala, koyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi, kadali chithunzi chenicheni cha mlakatuli wa masiku amenewo. N'chifukwa chake buku lake la mu 1981, lofalitsidwa ku London ndi Heinemann, adalitcha Of Chameleons and Gods. M'ndakatulo zake mumapezekanso dzenje la Chingwe la paphiri la Zomba, m'mene mbiri ya pakamwa imati mafumu akale ankaponyamo anthu osafunika. Ngakhale mawu wamba monga tambala ndi m'bandakucha ankalemera, popeza chizindikiro cha chipani chidali tambala wakuda ndipo mfuwu wake udali wakuti kwacha.

Nanga Chichewa?

Mlandu umene alembiwa sangauzembe ndi wa chiyankhulo. Adatapa nzeru kwa agogo, koma zambiri adazilemba m'Chingerezi chimene agogowo sakadatha kuwerenga. Zifukwa zidalipo. Maphunziro a zolembalemba ankachitika m'Chingerezi, ndipo m'gulumo mudali Atumbuka, Ayao, Alomwe ndi alendo. Komanso kuyambira 1968, pamene Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi, nkhani ya chiyankhulo idasanduka ya ndale. Mkuluwiko wa m'Chichewa ukadamveka msanga kwa wapampando wa chipani wa m'mudzi kusiyana ndi wa m'Chingerezi. Chotsatira chake n'chakuti zolembazi zidatchuka kunja kuposa kwawo, ndipo zina zidabisika kwambiri mwakuti ngakhale ophunzira anzawo ankavutika kuzimasulira.

Komabe Chichewa sichidatayidwe. Mu 1981 Enoch Mvula adasonkhanitsa ndakatulo za m'Chichewa m'buku la Akoma Akagonera, dzina lochokera ku mwambi wonena za mawu a akuluakulu. Steve Chimombo adalemba sewero la Wachiona Ndani? Gulu la zisudzo la pakolejipo la Travelling Theatre, motsogozedwa ndi Chris Kamlongera ndi David Kerr m'zaka za m'ma 1980, lidayamba kupita kumidzi ndi masewero a m'Chichewa okamba za umoyo ndi chitukuko. Pakoleji yomweyi padaphunziranso Benedicto Wokomaatani Malunga, mlakatuli amene pambuyo pake adamasulira buku la Chinua Achebe la Things Fall Apart kukhala Chipasupasu. Amenewa adakumbukira kuti, "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Pamene mkulu adazindikira

Kuviika nsalu kumapulumutsa mwana pokhapokha mkulu akasankha kusakwiya. Landeg White adapirikitsidwa m'dziko mu 1972. Frank Chipasula adathawira ku Zambia, ndipo kenaka adapita ku America. Felix Mnthali adatsekeredwa mu 1976 popanda mlandu, ndipo atatuluka adalemba buku la When Sunset Comes to Sapitwa asanapite kukaphunzitsa ku Botswana. Lupenga Mphande naye adakakhazikika ku America.

Mu 1985 buku la Mapanje lidachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu. Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi adamugwira ku Gymkhana Club mu Zomba, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, nakamutsekera kundende ya Mikuyu. Adakhalamo zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16 osauzidwa mlandu wake. Posowa pepala ndi cholembera, ankapeka ndakatulo n'kuzisunga pamtima, monga momwe makolo ankasungira nthano. Anzake a m'gulu lija amene adali kunja, pamodzi ndi alembi a m'maiko ambiri, sadaleke kufuula, ndipo mu 1988 Wole Soyinka adamulandirira mphotho ya ndakatulo ku Rotterdam. Adatulutsidwa mu Meyi 1991 napita ku England ndi banja lake, ndipo ndakatulo za m'ndendezo zidatuluka mu 1993 m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison.

Chimene chidatsala

Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro poyera, ndipo ophunzira a pa Chancellor College adayenda mumsewu kuivomereza. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 adasankha boma latsopano. Kuyambira pamenepo mlembi adatha kutchula chinthu ndi dzina lake. Ena mwa a m'gulu lija adalowa utolankhani ndi ndale, monga Ken Lipenga amene adakhala mkonzi wa nyuzipepala kenaka nduna ya boma. Steve Chimombo adapitiriza kulemba ndi kusindikiza magazini ya WASI, ndipo adamwalira mu 2015. Mu 2021 kolejiyo idaima payokha nitenga dzina la University of Malawi.

Adzukulu amene akulemba lero pa lamya ndi pakompyuta ali ndi ufulu umene alembi a mu 1970 ankangoulota. Choyenera kutengera kwa iwo ndi mwambo wokhala pansi pamodzi, mphunzitsi ndi wophunzira, kusenda zolemba mosakondera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Choyeneranso kutengera ndi khama lofunsa agogo za Napolo, M'bona ndi Kaphirintiwa agogowo adakali moyo, chifukwa nkhokwe imene idapulumutsa mbadwo wina ingathe kufunikanso. Koma asaiwale kuti kuviika nsalu ndi nzeru ya munthu amene alibe chilolezo chokana. Mudzi umene aliyense, ngakhale mphunzitsi wa pasukulu ya ukachenjede, amalankhula mophiphiritsa poopa ndende, ndi mudzi wodwala, ndipo ufulu wolankhula poyera umene udapezeka mu 1993 ndi wofunika kuusamala.