Tsinde ndi Mphukira: Mbiri ya Kusimbanso Nkhani ya David Livingstone ndi Mzinda Wotchedwa Dzina Lake

1.0 Mawu Oyamba

Achinyamata amene amawerenga nkhani zopeka pa intaneti amakumana ndi mawu monga canon, AU ndi fix-it. Mawuwa ndi zizindikiro za mtundu wa zolemba umene pa Chingerezi umatchedwa fan fiction, kutanthauza nkhani zimene okonda buku kapena kanema wina amalemba pogwiritsa ntchito ampangankhani ndi malo amene adapekedwa kale ndi munthu wina. M'nkhani ino tizitchula zolemba zotere kuti nkhani zamphukira, popeza zimamera pa nkhani ina monga momwe mphukira zimamerera pa tsinde.

Cholinga chathu ndi kusonyeza kuti ngakhale mayinawa ndi atsopano, mchitidwe umene amaufotokoza ndi wakale. Tichita izi pounika nkhani ya David Livingstone, imene mzinda wa Livingstone ku Zambia udamangidwapo. Mfundo yathu ndi yakuti nkhani imene ambiri amaiyesa tsinde idali kale mphukira, ndipo kudziwa zimenezi kumapatsa olemba a kuno ufulu woisimbanso.

2.0 Magwero a Mayina

Liwu loti canon lidachokera m'chipembedzo, m'mene limatanthauza mabuku ovomerezeka a m'Baibulo. Okonda nkhani za Sherlock Holmes adalibwereka pofuna kusiyanitsa zimene Arthur Conan Doyle adalemba yekha ndi zimene ena adaonjezera. Mayina ena ambiri adafala pakati pa okonda kanema wa Star Trek ku America, amene adayamba kusindikiza timagazini tawo monga Spockanalia m'chaka cha 1967. Mu 1973 Paula Smith adalemba kankhani koseka ampangankhani opanda chilema chilichonse, ndipo dzina la mtsikana wa m'kankhaniko, Mary Sue, lidasanduka dzina la mpangankhani aliyense wotere. Nkhokwe ya pa intaneti ya Archive of Our Own, imene idatsegulidwa kwa anthu onse mu 2009, idalola mlembi aliyense kuika yekha zizindikiro pa nkhani yake kuti owerenga azipeza msanga zimene akufuna.

Mwa zizindikiro zimenezi, zisanu ndizo zitithandize. Fanon ndi mfundo imene mulibe m'nkhani yatsinde koma yabwerezedwa mpaka anthu ayamba kuiyesa yoona. Missing scene ndi nkhani yotseka mpata umene mlembi woyamba adasiya. Fix-it ndi nkhani yowongola chimene owerenga akuchiona kuti chidakhota. AU ndi nkhani yosamutsira ampangankhani m'dziko kapena m'nthawi ina, ndipo crossover ndi nkhani yokumanitsa ampangankhani ochokera m'nkhani zosiyana. Munthu wokulira pa nthano sangadabwe nazo izi: Kalulu ndi Fisi alibe mwini, ndipo agogo aliyense amawapatsa ulendo watsopano.

3.0 Tsinde ndi Mmene Lidadzalidwira

Livingstone adafika pa mathithi a mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1855 motsogozedwa ndi Akololo a mfumu Sekeletu. Mathithiwo adali kale ndi mayina: Akololo ankawatcha Mosi-oa-Tunya, pamene Aleya, eni nthaka, ankawatcha Shungu Namutitima. Iye adawapatsa dzina la mfumukazi Victoria, ndipo buku lake la mu 1857, Missionary Travels and Researches in South Africa, lidafalitsa dzinalo. Mzinda udamangidwa mu 1905, chaka chimene mlatho wa njanji udatha, pamene azungu adasamuka pa dooko la Old Drift pomwe malungo ankapha anthu ambiri. Udakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo nyumba yosungiramo zakale imene idakhazikitsidwa mu 1934 imasunga makalata ndi katundu wina wa Livingstone. Motero mzindawu, dzina lake ndi alendo amene umakopa zonse zatsamira pa nkhani imodzi.

Komabe tikaonetsetsa, zigawo ziwiri zotchuka kwambiri za nkhaniyi sizidachokere m'cholembera cha mwini wake. Choyamba ndi moni uja amene Henry Morton Stanley akuti adapereka pokumana naye ku Ujiji mu 1871. Livingstone sadautchule m'zolemba zake, ndipo masamba a tsikulo m'buku la Stanley lolembamo zochitika adang'ambidwa. Kubwerezabwereza, kuphatikizapo kanema wa mu 1939 wotchedwa Stanley and Livingstone, ndiko kudaukhazikitsa. Ichi ndi chitsanzo chabwino cha fanon.

Chachiwiri ndi imfa yake, imene idachitika m'mudzi mwa Chitambo mu Meyi 1873. Palibe mzungu adaiona. Amene adaisimba ndi Abdullah Susi, wochokera ku chigwa cha Zambezi, ndi James Chuma, Myao amene adaomboledwa ku ukapolo m'mapiri a Shire mu 1861. Awiriwa adafotokozera Horace Waller ku England, ndipo Waller ndiye adalemba mathero a buku la Last Journals la mu 1874. Dorothy Helly, m'kafukufuku wake wa mu 1987, adasonyeza kuti Waller adachotsa ndi kusalaza zambiri kuti atulutse chithunzi cha munthu woyera mtima womwalira akupemphera. M'chilankhulo cha masiku ano tinganene kuti Waller adatseka mpata, adawongola nkhani, ndipo adatsala pang'ono kupanga Mary Sue. Tim Jeal atalemba mbiri ya moyo wa Livingstone mu 1973 n'kuonetsa kuuma mtima ndi zolephera zake, ankachotsa utoto umene udapakidwa zaka 99 m'mbuyomo.

4.0 Mphukira za mu 2019

M'chaka cha 2019 mudatuluka nthano zazitali ziwiri zolembedwa ndi amayi a m'chigawo chino. Tiyenera kuchenjeza kuti mabukuwa si fan fiction yeniyeni: adasindikizidwa ndi makampani, amagulitsidwa, ndipo tsinde lawo ndi mbiri, osati nkhani yopeka. Chimene tikufanizira ndi njira zimene alembiwo adatsata.

Petina Gappah wa ku Zimbabwe, m'buku la Out of Darkness, Shining Light, adatseka mpata waukulu koposa. Atakwirira mtima wa Livingstone pansi pa mtengo wa mpundu, antchito ake adanyamula mtembo ulendo wa makilomita oposa 1,500 kwa miyezi pafupifupi 9 mpaka ku Bagamoyo. Mabuku akale amadutsa ulendowu mothamanga. Gappah adaupereka m'kamwa mwa Halima, mayi wophika, ndi Jacob Wainwright, mnyamata wophunzira ku mishoni. Onsewa adalipodi. Wainwright adalemba zochitika za pa ulendowo ndipo adanyamula nawo bokosi la maliro ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Halima sadasiye cholemba chilichonse, choncho mawu ake onse ndi mphukira. Posintha wosimba nkhani, mzungu uja amasanduka katundu wa pa mapewa, ndipo funso limakhala lakuti onyamulawo adalolerananji kusenza mtolo wotere.

Namwali Serpell wa ku Zambia adayambira nthano yake, The Old Drift, pa dooko lomwe lija limene lidabala mzinda wa Livingstone. Adatenga Percy Clark, wojambula zithunzi amene adalemba za moyo wake m'buku la mu 1936, n'kumulola kulankhula ndi tsankho lake lonse poyera. Kenaka adalumikiza mbumba yake yopeka ndi Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene mu 1964 adalengeza kuti Zambia itumiza anthu kumwezi. Uku ndiko kukumanitsa nkhani zosiyana. Chakumapeto nthanoyi imapatuka pa mbiri yodziwika n'kulowa m'Zambia wongoganizira wa timakina touluka, monga zimachitira nkhani za AU. Gulu la udzudzu, womwe uja udasamutsa azungu pa Old Drift, ndilo limathirira ndemanga pakati pa mitu, ngati omvera nthano oyankha kuti tili tonse. Bukuli lidapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020.

5.0 Mawu Omaliza

Taona kuti nkhani ya Livingstone yakhala ikusimbidwanso kuyambira mu 1874, ndipo aliyense woisimba adali ndi cholinga chake. Kusiyana kwa Waller ndi alembi a nkhani zamphukira n'kwakuti iwo amaika chizindikiro chouza wowerenga kuti apa tapeka, pamene Waller adapereka zake ngati mbiri yeniyeni. Apa ndipo pagona phindu la zizindikirozi kwa wophunzira mbiri: zimamuphunzitsa kufunsa kuti wasimba ndani, ndipo wasiya chiyani.

Ntchito yatsala ndi ya ife a zilankhulo za mu Afirika. Gappah ndi Serpell adalemba m'Chingerezi, chikhalirecho Chuma adakulira pakati pa Ayao ndi Amang'anja, ndipo m'misewu ya Livingstone mumamveka Chitonga, Chilozi ndi Chinyanja. Tikupempha kuti madipatimenti athu ajambule zimene a kwa mfumu Mukuni amasimba za mlendo wa mu 1855, ndiponso kuti agwirizane pa mayina a Chichewa a mitundu ya nkhaniyi. Tayambapo ndi tsinde, mphukira, kutseka mpata ndi kuwongola nkhani. Ena atha kuwakonza kapena kupeza oposa amenewa.