Msonkho wa ndudu zamagetsi ku America: zomwe zigawo zikufuna ndi zomwe osuta akukana

Ndudu yamagetsi ndi kachipangizo koyendera batire komwe kamatenthetsa madzi okhala ndi chikonga mpaka asanduke nthunzi. Munthu amakoka nthunziyo m'malo mwa utsi. Mulibe tsamba la fodya loyaka moto, choncho phulusa palibe. Kumayiko ambiri kachipangizoka kamadziwika ndi dzina loti vape. Mtundu umene uli pamsika lero unapangidwa m'chaka cha 2003 ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, ndipo patangopita zaka zochepa nduduzi zinafika ku United States of America. Kumeneko zinapeza malamulo a msonkho olembedwera fodya wa masamba okha, ndipo mkangano unayambira pomwepo.

Amene amakhometsa msonkhowu ndani

Dziko la America lili ndi zigawo 50. Mosiyana ndi zigawo zathu kuno ku Mozambique, chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo ndiponso mphamvu zokhazikitsa misonkho yakeyake. Boma lalikulu la ku Washington limatolera msonkho pa paketi iliyonse ya ndudu wamba, koma pa ndudu zamagetsi lilibe msonkho wapadera. M'chaka cha 2021 aphungu ena anayesa kuika msonkho wa chikonga m'bilu yaikulu ya boma la Joe Biden, koma ndimeyo inachotsedwa. Nkhani yonse yatsalira m'manja mwa zigawo, ndipo chilichonse chimayenda njira yake.

Chigawo cha Minnesota ndicho chinayamba, m'chaka cha 2010, pomwe chinaika ndudu zamagetsi m'gulu la katundu wa fodya. Mu 2013 msonkhowo unakwera kufika pa 95 peresenti ya mtengo wopikulira. Kunena mwachidule, katundu amene mwini sitolo wapikula pa madola 10 amalipirira msonkho wa madola 9 ndi masenti 50 asanamuike n'komwe pashelefu. Lero zigawo zoposa 30 zili ndi msonkho wa mtundu wina pa nduduzi.

Njira zowerengera msonkho

Apa ndi pamene pali phata la nkhani, chifukwa mmene msonkho ukuwerengedwera ndi mmene zimadziwikira kuti apweteke ndani.

Njira yoyamba ndi ya Minnesota ija, yotenga gawo la mtengo wopikulira. Vermont inatsata njirayi mu 2019 ndi 92 peresenti, Massachusetts mu 2020 ndi 75 peresenti. New York inasankha kuwerengera pa mtengo wa m'sitolo, 20 peresenti kuyambira kumapeto kwa 2019, ndipo wogula amauona msonkhowo palisiti.

Njira ina ndi yowerengera madzi enieniwo, pa mililita iliyonse. North Carolina inayamba kutolera masenti 5 pa mililita mu 2015. Chigawochi ndi kwawo kwa kampani ya fodya ya Reynolds American, yomwe imapanganso ndudu zamagetsi za Vuse, ndipo kampaniyo sinalimbane nawo msonkho wochepawu, inauvomereza. Chifukwa chake chimaoneka munthu akawerengera. Makampani akuluakulu amagulitsa timabotolo totsekeratu tokhala ndi madzi ochepa koma chikonga chambiri. Kabotolo ka Juul kamalowa pafupifupi mililita 0.7, ndiye pa masenti 5 msonkho wake sufika n'komwe masenti 4. Masitolo ang'onoang'ono a vape amagulitsa mabotolo othira wekha, kawirikawiri a mamililita 60, okhala ndi chikonga chochepa. Botolo lotero msonkho wake ndi madola 3. Zotsatira zake n'zodabwitsa: munthu amene wachepetsa chikonga, mwina pofuna kusiyiratu, ndiye amalipira msonkho wambiri kuposa amene akukoka champhamvu. Chigawo cha Washington chinayesa kukonza vutoli mu 2019 poika masenti 27 pa mililita ya timabotolo totsekeratu ndi masenti 9 pa mililita ya mabotolo aakulu.

Zifukwa za ofuna msonkho

Chifukwa chimene chimatchulidwa kwambiri ndi ana asukulu. Ndudu za Juul, zofanana ndi kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta, zinalowa pamsika mu 2015 ndipo zinafalikira m'masukulu chifukwa zimabisika mosavuta komanso zinali ndi fungo la zipatso. Mu Disembala 2018 mkulu wa zaumoyo m'dzikolo, Jerome Adams, analengeza kuti kusuta ndudu zamagetsi pakati pa achinyamata kwafika pa mliri. Kafukufuku wa boma wa 2019 anapeza kuti ophunzira 27.5 pa 100 alionse a m'sukulu za sekondale anali atakoka vape m'masiku 30 apitawo. Mabungwe monga Campaign for Tobacco-Free Kids ndi American Lung Association amati zimene zinachitika ndi ndudu wamba zikusonyeza kuti mtengo ukakwera, oyamba kubwerera m'mbuyo ndi achinyamata, popeza m'thumba mwawo mulibe zambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO nalo limati ndudu zamagetsi ndi zovulaza, chikonga chimasokoneza ubongo umene ukukula, ndipo mayiko amene sanaziletse aziike pansi pa malamulo okhwima, msonkho ukhale umodzi mwa iwo.

Chaka chomwecho cha 2019 kunabuka matenda a m'mapapo omwe pofika Febuluwale 2020 anali atagoneka anthu oposa 2,800 m'zipatala ndi kupha 68. Akuluakulu a zaumoyo anadzapeza kuti gwero lalikulu linali mafuta a vitamin E acetate omwe ankathiridwa m'timabotolo ta chamba togulitsidwa mobisa. Koma mantha anali atalowa kale, ndipo mabilu angapo a msonkho ndi oletsa zonunkhiritsa anadutsa mosavuta m'nyengo imeneyo.

Chifukwa chachiwiri andale sakonda kuchitchula mokweza: ndalama. Zigawo zimapeza chuma chochuluka ku msonkho wa ndudu wamba, kuphatikizapo ndalama za pangano la 1998 pomwe makampani akuluakulu a fodya anavomera kulipira zigawo 46 madola oposa 200 biliyoni m'zaka 25 zoyamba. Malipiro amenewo amatsika ndudu zikamagulidwa zochepa. Osuta akamachoka ku ndudu wamba kupita ku zamagetsi, thumba la chigawo limaphwa, ndipo wolemba bajeti amayang'ana komwe anthu apita.

Zimene otsutsa amanena

Anthu amene amakana msonkhowu ambiri ndi akuluakulu omwe anasuta ndudu wamba kwa zaka zambiri n'kuzisiya atapeza vape, pamodzi ndi eni masitolo ang'onoang'ono, omwenso ambiri ali ndi mbiri yomweyo. Bungwe la CASAA linayamba mu 2009 ngati liwu la ogula. Panalinso American Vaping Association, yomwe kwa zaka zambiri wolankhulira wake anali Gregory Conley. Bilu ikangolowa m'nyumba ya malamulo, mabungwe otere amatumiza uthenga kwa mamembala kuti alembere aphungu awo, aimbe mafoni, ndi kupita kukapereka umboni pamaso pa komiti. Umboniwo nthawi zambiri umakhala umodzimodzi: ndinasuta zaka zakuti, ndinayesa njira zina zonse n'kulephera, ichi chokha ndicho chinandithandiza.

Mfundo yawo yaikulu ndi yakuti chimene chimapha osuta ambiri ndi utsi wa tsamba loyaka, wokhala ndi phula ndi mpweya woipa, osati chikonga pachokha. Amakonda kutchula lipoti la 2015 la bungwe la boma la Public Health England, lomwe linati ndudu zamagetsi kuopsa kwake n'kochepa ndi pafupifupi 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu wamba. Nambala imeneyi akatswiri ena anaitsutsa kuti inachokera pa kuyerekeza kwa anthu ochepa, koma mfundo yoti kusinthiratu ku vape kumachepetsa poizoni wolowa m'thupi inavomerezedwanso ndi lipoti la 2018 la National Academies ku America komweko. Lipoti lomwelo linachenjeza kuti wachinyamata amene wayamba ndi vape ali ndi mpata waukulu woyesa ndudu wamba. Mbali iliyonse imawerenga tsamba limene ikulikonda.

Kuchokera apo otsutsa amafunsa kuti: ngati chinthu chili choopsa pang'ono, bwanji kuchikweza mtengo mpaka chifanane ndi choopsa kwambiri? Funsoli lili ndi umboni kumbuyo kwake. Henry Saffer ndi anzake, akatswiri a zachuma, atafufuza za Minnesota anayerekeza kuti akuluakulu pafupifupi 32,400 akanasiya ndudu wamba pakanapanda msonkho uja. Akafukufuku ena apeza kuti msonkho umachepetsadi vape pakati pa achinyamata, koma ena mwa iwo amatembenukira ku ndudu wamba. Kwa wopanga malamulo iyi ndi nkhani yovuta kumeza, chifukwa chida chimene chikuteteza mwana m'modzi chikhoza kukankhira wina, ndi bambo ake omwe, ku utsi.

Amanenanso kuti msonkho wokwera umathamangitsira malonda kutsidya kwa malire a chigawo, pa intaneti, ngakhale kwa ogulitsa mobisa, komwe palibe wofunsa zaka za wogula. Anthu a ku Zóbuè ndi Calómuè safunika kuwafotokozera zimene katundu amachita mtengo ukasiyana mbali ziwiri za malire. Boma lalikulu linatseka khomo limodzi mu 2021 pokakamiza ogulitsa pa intaneti kulipira misonkho ya zigawo ndi kuletsa positi ofesi kunyamula katunduyu kupita kwa ogula.

Zimene zinachitika ku Pennsylvania

Chitsanzo chimene eni masitolo saiwala ndi cha Pennsylvania. Mu 2016 chigawochi chinakhazikitsa msonkho wa 40 peresenti pa mtengo wopikulira, kuyambira pa 1 Okutobala. Chopweteka chinali chakuti msonkhowo unagweranso katundu amene anali kale m'sitolo tsikulo. Mwachitsanzo, munthu wokhala ndi katundu wa madola 50,000 anafunika kupeza madola 20,000 pa zinthu zomwe sanagulitse. Kampani yaikulu ndalama yotero imangoitulutsa, koma banja loyendetsa sitolo imodzi silingathe. Ambiri anagulitsa katundu motchipa n'kutseka tsiku lisanafike. Anachita zionetsero ku likulu la chigawo, Harrisburg, ndipo panabwera bilu yosintha msonkhowo kuti ukhale masenti 5 pa mililita, koma sinadutse.

Sikuti nthawi zonse amagonja. Mu 2014 bwanamkubwa wa New Jersey, Chris Christie, anafuna msonkho wokwera pa ndudu zamagetsi koma aphungu anautaya. Chigawocho chinadzakhazikitsa masenti 10 pa mililita mu 2018. Ku Washington, maganizo a 95 peresenti anakanika mu 2014 ndi mu 2015. Ku California nkhaniyi inapita kwa ovota okha mu Novembala 2016, ndipo anavomereza kukweza msonkho wa paketi ya ndudu ndi madola 2 komanso kuika ndudu zamagetsi zokhala ndi chikonga pa msonkho. Pamene funso lili m'manja mwa aphungu ochepa, khamu la osuta lodzaza chipinda cha komiti limamveka. Likapita kwa ovota onse, omwe ambiri sasuta chilichonse, liwu lawo limamira.

Tiyeneranso kunena kuti si onse otsutsa ali ndi manja oyera. Makampani a fodya wamba ali ndi gawo lalikulu pamsika wa vape, ndipo amakhala mbali imene ikuwapindulira pa bilu iliyonse. Akatswiri ena a zaumoyo aima pakati: amati msonkho ukhalepo ndithu kuti mwana asagule mosavuta, koma ukhale wotsika kuposa wa ndudu wamba, ndipo ukamakwera wa vape, wa ndudu wamba ukwere koposa. Mwa maganizo onse, amenewa ndi amene akuyankha nkhawa ziwiri zonse, ngakhale kuti zigawo zochepa ndizo zinalemba malamulo awo ndi cholinga chimenechi.

Kufupi ndi kwathu

Mkangano womwewu wafika kale m'chigawo chino cha Africa. South Africa inayamba kutolera R2.90 pa mililita iliyonse ya madzi a vape pa 1 Juni 2023, kaya muli chikonga kaya mulibe, ndipo ogulitsa kumeneko anadandaula ndi mawu ofanana ndi a anzawo a ku America. Alimi a fodya wa bale ku Angónia, Macanga, Tsangano ndi Chifunde nawonso nkhaniyi ikuwakhudza, ngakhale patali. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, yomwe imagula fodya wawo ndi kumukonza mu mzinda wa Tete, ndi nthambi ya Universal Corporation ya ku Richmond m'chigawo cha Virginia, ndipo fodya wa bale amapita makamaka kopanga ndudu wamba. Chikonga cha m'ndudu zamagetsi chimatengedwanso ku tsamba la fodya nthawi zambiri, koma makampani ena ayamba kuchipanga m'fakitale popanda tsamba ngakhale limodzi.